Sikolashipu ya ku yunivesite imasinthadi moyo wa munthu? Mafunso amene mumandifunsa ndi mayankho anga

Ine digiri yanga yoyamba anandilipirira ndi anthu oti mpaka lero sindinawaonepo nkhope. Chomwe ndimadziwa ndi dzina la bungwe lawo ndi siginecha ya mayi wina amene ankasaina makalata athu chaka ndi chaka, basi. Chimalizireni sukulu ndakhala ndikuthandiza achinyamata kulemba mafomu a sikolashipu, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo, ena ochokera kwa ophunzira, ena kwa makolo, enanso kwa anthu oti ali ndi kangachepe akufuna athandizepo mwana wina koma sakudziwa poyambira. Nde ndati ndiwayankhire pamodzi.

Sikolashipu ya akufuna kwabwino ndi chani kwenikweni, ikusiyana bwanji ndi loni?

Loni ndi ngongole, mukamaliza sukulu mudzabweza, nthawi zambiri ndi chiongoladzanja pamwamba. Sikolashipu ndi mphatso, wina wake, kaya munthu mmodzi wolemera, kaya banja, kampani, mpingo, bungwe olo boma la dziko lina, wapatula ndalama kuti inu muphunzire ndipo simudzabweza. Koma werengani bwinobwino kalata yanu musanavine, chifukwa zina ndi zosakaniza. Ya Aga Khan Foundation mwachitsanzo, ya omwe akupanga masitazi ndi PhD, theka ndi mphatso theka ndi ngongole. Zina zimalipira zonse, fizi, pogona, mabuku, tiketi ya ndege, inshuwalansi ya kuchipatala ndi alawansi ya pamwezi, zina zimangodula gawo la fizi zotsalazo muone nokha. Zonsezi amazitchula dzina limodzi koma moyo wake ndi wosiyana kutalitali.

Anthu amenewa amaperekeranji ndalama zawo kwa ana a eni?

Zifukwa ndi zambiri ndipo sikuti zonse ndi za chifundo chokha ayi. Maboma amapereka chifukwa akufuna ubale ndi anthu amene mawa adzakhale atsogoleri kwawo. Fulbright inayamba mu 1946 nkhondo yachiwiri itangotha, senator wa ku America J. William Fulbright anati ndalama zogulitsa katundu wotsala ku nkhondo zigwire ntchito yosinthana ophunzira. Chevening ya boma la Britain inayamba mu 1983. DAAD ya ku Germany ilipo kuyambira 1925. Amenewa samabisa, amafuna mukaphunzire kwawo mubwere muli bwenzi lawo.

Kenako pali anthu ndi mabungwe awo. Bill and Melinda Gates Foundation inapereka madola 210 miliyoni ku yunivesite ya Cambridge mu 2000 nkuyambitsa Gates Cambridge. Mastercard Foundation inayamba pulogalamu yake mu 2012, makamaka ya achinyamata a mu Africa, ndipo cholinga chawo ndi kufika ophunzira 100,000 pofika 2030. Mu 2024 mayi Ruth Gottesman, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa Albert Einstein College of Medicine ku New York, anapereka madola 1 biliyoni kuti ophunzira udokotala pamenepo asamalipirenso fizi. Iwowa anali ataona ndi maso awo ana akutuluka pa sukulu ali ndi ngongole yosayamba. Ndipo ambiri amene ndawamva akufotokoza, makamaka opereka zochepa amene mayina awo samveka, amanena chimodzi, kuti nanenso wina anandinyamula. Kupatsa nkuika paja.

Chimasintha choyamba ndi chani pa moyo wa wophunzira?

Anthu amaganiza kuti ndiyankha kuti digiri, kapena ntchito yabwino. Zimenezo zimabwera, koma zimabwera mochedwa. Choyamba kusintha ndi mutu, mutu umapepuka.

Ndisanapeze sikolashipu ndinaphunzira chaka chimodzi ndi ndalama zopemphapempha. Mayeso akamayandikira ankamata pepala pa bolodi la mayina a anthu amene sanamalize fizi, ndipo amene ali pamenepo salowa mu holo ya mayeso. Ine ndinkadikira kude kaye nde ndipite ndikaone, ndikuunikira ndi foni, chala chikutsika pa mzerepo pang'onopang'ono mpaka chapeza dzina langa. Ukabwerera ku laibulale umatsegula buku koma suwerenga, maso ali pa tsamba koma mmutu ukuwerengetsera, kwa amalume ndinapempha kale mwezi watha, kwa uje ndikadali ndi ngongole, laputopu ndilibe yoti ndingapinyolitse. Tsamba limodzi ola lathunthu. Alekichala akuphunzitsa iwe ukuganiza za lendi. Ndipo palibe amene amadziwa, amangoti mwanayu ndi wofooka mkalasi.

Tsiku limene imelo inabwera ndinaiwerenga katatu, kenako ndinapempha mnzanga kuti aiwerengenso mokweza chifukwa ndinkaopa kuti mwina Chingerezi chake sindikuchimva bwino. Usiku umenewo ndinagona mpaka dzuwa kutuluka, koyamba pa miyezi yambiri. Sabata yotsatira ndinawerenga chaputala chonse kuyamba mpaka kumaliza osadzuka pa mpando, ndipo ndinachimva. Nzeru zinali zomwe zija, sanandionjezere ndi pang'ono pomwe. Anangondichotsera katundu amene ankakhala pamwamba pa nzeruzo. Malikisi anga anakwera semesita yomweyo.

Nde ukakhala ndi nthawi zinthu zina zimayamba kutseguka zokha. Mmalo mothamangira ganyu ukaweruka umatsala nkufunsa funso, lekichala amakudziwa dzina, mawa akafuna womuthandiza pa kafukufuku amakumbukira iwe. Intenishipu yosalipira imene anzako a makolo opeza bwino amaitenga mosavuta, nawenso umatha kuitenga. Umasankha kosi imene ukuikondadi osati imene ndi yotchipa olo yofupika. Izi sizilembedwa mu malipoti a ma bungwe koma ndi pamene moyo umakhotera.

Yongolipira fizi yokha ndiyokwanira?

Ndi bwino kusiyana ndi kusowa, koma kwa mwana wochokera kosauka kwenikweni nthawi zambiri siyikwana, ndipo apa ndimafunitsitsa opereka thandizo atamva. Munthu sasiya sukulu chifukwa cha fizi yokha. Amasiya chifukwa alibe pogona, chifukwa wakhala masiku awiri mmimba muli pululu, chifukwa wadwala, chifukwa ma asayimenti onse akufuna kompyuta ndi intaneti ndipo iye akudikira pa mzere mu labu mpaka pakati pa usiku.

Ku Kalamazoo, mzinda wa ku Michigan ku America, anthu osadzitchula mayina analonjeza mu 2005 kuti ana omaliza sukulu za boma za mumzindawo awalipirira fizi ya koleji. Ofufuza a ku Upjohn Institute anatsatira anawo ndipo anapeza kuti opita ku koleji ndi omaliza digiri anachulukadi. Koma ambiri ndithu, makamaka a mmabanja osauka, anayamba osamaliza, sinanga lonjezo lija linali la fizi, za pogona ndi zina zonse anali kudzionera okha. Eugene Lang, munthu wa bizinesi wa ku New York, naye anaphunzira zomwezo. Mu 1981 anapita kukalankhula pa sukulu ya pulaimale imene anaphunzirapo ku East Harlem, ndipo ataima kutsogolo kwa ana 61 anasiya zimene anakonza nkuwalonjeza kuti aliyense amene amalize sekondale amuthandiza ndi koleji. Sipanatenge nthawi anaona kuti lonjezo lokha silifikitsa mwana ku koleji, anachita kulemba munthu wowatsatira anawo, kuwapezera owaphunzitsa mwapadera, kukumana nawo yekha. Ndi chifukwa chake mapulogalamu ngati a Mastercard Foundation amalipira zonse komanso amaika alangizi. Kulipira mwana mmodzi mokwanira mpaka amalize, ine ndimaona kuti kuposa kuwaza tindalama kwa ana asanu onse nkudzasiya panjira.

Alipo munthu wodziwika amene tingamuloze kuti uyu ndi sikolashipu inamutukula?

Alipo ambiri koma ine ndimakonda nkhani ya Wangari Maathai. Mu 1959 Tom Mboya, wandale wa ku Kenya, anayamba kupezera achinyamata a kwawo malo mma koleji a ku America, ndege yoyamba inanyamula ophunzira 81. Malo a sukulu analipo, vuto linali ndalama za ndege, ndipo mu 1960 bungwe la banja la Kennedy linapereka madola 100,000. Mgulu la 1960 munali Wangari, amene anakaphunzira bayoloje pa Mount St. Scholastica College ku Kansas, kenako masitazi ku Pittsburgh. Anabwerera kwawo, mu 1971 anatenga PhD ku yunivesite ya Nairobi, mayi woyamba kutero kummawa ndi pakati pa Africa, mu 1977 anayambitsa Green Belt Movement imene yabzala mitengo mamiliyoni ochuluka, ndipo mu 2004 analandira Nobel ya mtendere. Taganizani, pakati pa mtsikana uja ndi zonsezi chomwe chinatsala pang'ono kutsekereza chinali tiketi ya ndege.

Koma ndisanamize, ambiri a ife sitidzalandira Nobel ndipo sikuti ndalama zija zinapita pachabe. Mnzanga amene tinali naye pa sikolashipu imodzi pano ndi namwino wamkulu pa chipatala china chaching'ono, nyuzi sizidzamulemba, koma azimayi amene wawachiritsa ndi ana awo ndi ochuluka kuposa amene angakwane mu holo.

Banja limapindulapo chani?

Limapindula kuyambira tsiku loyamba, chifukwa ndalama zimene makolo akanagulitsira katundu kuti alipire fizi ya mmodzi zimatsala nkuthandiza azing'ono ake. Ndipo mwana woyamba kupita ku yunivesite m'banja amakhala ngati watsegula njira mu tchire, obwera pambuyo amadziwa kuti fomu imalembedwa chonchi, mayeso ake ndi awa, ndipo chachikulu amadziwa kuti ndi zotheka kwa munthu wa mnyumba muno.

CAMFED, bungwe lothandiza atsikana kuphunzira limene linayamba mu 1993 ndi atsikana 32 ku Zimbabwe, lili ndi gulu la amene anathandizidwa kale lotchedwa CAMA, linayamba mu 1998, ndipo amayi amenewa amalipirira ana ena sukulu kuchokera mmatumba mwawo, ana oti si abale awo nkomwe.

Pali mbali ina yowawa imene ndiyenera kuitchula kwa makolo ndi abale. Alawansi ya wophunzira si malipiro. Anaiwerengera munthu mmodzi, pogona pake ndi mabuku ake. Ndaona ana akutumiza theka kunyumba mwezi ndi mwezi chifukwa akuopa kutchedwa odzikonda, iwo nkumagona ndi njala, malikisi nkutsika, sikolashipu nkulandidwa, onse nkuluza. Wophunzira amene ali ndi mtima sangaone mayi ake akudwala iye nkungokhala, ndikudziwa, nanenso ndinkatumiza. Koma abale inu, mupatseni zaka zochepazi amalize, musamuimbire foni pa vuto lililonse. Mukathyola nthambi ikadali ndi maluwa zipatso mudzazipeza kuti?

Nanga atsikana, olumala ndi othawa kwawo, ziliko zawo?

Ziliko ndipo zikuchuluka. Kale zitseko zinali zotseka, sikolashipu ya Rhodes imene inayamba ndi chuma cha masiye cha Cecil Rhodes mu 1902 inayamba kulandira akazi mu 1977, patatha zaka 75. Pano mapulogalamu ambiri amachita kunena kuti tikufuna atsikana ndi olumala alembe. Kwa mtsikana sikolashipu imachita chinthu china chimene anyamata sitimachiganizira, imamuchotsa mmanja mwa azibambo amene amalipira fizi ndi cholinga china, komanso imatseka pakamwa achibale amene amati bola akwatiwe.

Kwa othawa nkhondo kuli sikolashipu ya DAFI, imene boma la Germany linayamba kulipira mu 1992 kudzera ku UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, ndi pulogalamu ya WUSC ya ku Canada imene ilipo kuyambira 1978. Malinga ndi UNHCR, mu 2019 mwa achinyamata 100 othawa kwawo mmodzi yekha ndi amene ankafika ku maphunziro apamwamba, pofika 2023 anali 7, ndipo akufuna afike 15 pofika 2030. Ukadali ulendo.

Amasankha anzeru okhaokha eti? Ine malikisi anga ndi apakatikati

Zimatengera. Zilipo zoti popanda malikisi apamwamba kwambiri musavutike nkulemba komwe. Koma zambiri zimaona zinthu zitatu pamodzi, kukhoza kwanu, kusowa kwanu, ndi zimene mwachitapo kale kwa anthu ena. Chevening mwachitsanzo imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka 2 ndipo mafunso ake ambiri ndi a utsogoleri ndi mapulani anu.

Ford Foundation inayesa njira ina imene ine ndimaisirira. Kuyambira 2001 mpaka 2013 pulogalamu yawo ya International Fellowships Program inathandiza anthu oposa 4,300 ochokera mmaiko 22, ndipo ankachita kukawasaka kumidzi, mmitundu yonyozedwa, pakati pa olumala, anthu oti mwa masankhidwe akale sakanaoneka nkomwe. Amene Chingerezi chinkawavuta ankawaphunzitsa kaye asanapite. Ndipo anthu aja anamaliza bwinobwino, pafupifupi onse. Zinaonetsa poyera kuti nthawi zambiri amene timati alibe nzeru ndi amene sanapatsidwe mpata. Nde musadzichotse nokha pa mndandanda, werengani zofunika, ngati mukukwana lembani, kukana asiyireni iwowo.

Mu kalata yofotokoza za ine ndilembemo chani? Ndinene mavuto anga onse?

Nenani zoona, koma musalembe kalata ya maliro. Owerenga aja amawerenga mazanamazana ndipo pafupifupi onse ndi ovutika, nde umphawi wokha sukusiyanitsani ndi wina. Chimene amafuna kuona ndi zimene munachita muli mmavutomo. Mtsikana wina amene ndinkamuthandiza analemba masamba awiri a momwe bambo ake anamwalirira ndi momwe anavutikira, zonse zoona. Tikucheza anangotchula mongodutsa kuti madzulo aliwonse ankaphunzitsa masamu ana 9 a oyandikana nawo, pakhonde, akulemba ndi makala pa chitseko chakale, ndipo 6 anakhoza. Ndinamufunsa kuti bwanji izi sunalembe, akuti ndimaona ngati ndi zazing'ono. Imeneyo ndiyo inali kalata yake. Tinayambira pa chitseko chija.

Musakopere za wina pa intaneti ndipo musapatse kompyuta ikulembereni yonse, zimadziwika, ndipo pa intaviyu adzakufunsani zimene munalemba. Amene akukulemberani kalata ya umboni auzeni kukadali mwezi, osati mawa dedilaini. Pasipoti ndi ma satifiketi konzeranitu. Ndipo mukakanidwa lembaninso, ine anandikana kawiri.

Ndikalakwa mayeso andilanda?

Zambiri zili ndi mlingo wa malikisi umene simuyenera kutsika, uli mu kontirakiti imene munasaina. Koma ambiri sathamangira kulanda, amayamba akuchenjezani nkukupatsani semesita yoti mukonze. Cholakwika chachikulu ndi kubisala. Mukadwala, mukaferedwa, mutu ukasokonekera, uzani ofesi ya sikolashipu msanga mayeso asanafike. Wamva mmimba ndiye atsekula chitseko.

Zovuta zimene anthu samanena ndi ziti?

Kusungulumwa ndi koyamba. Umafika pa malo oti anzako onse akuoneka kuti anabadwira momwemo, amadziwa kulankhula ndi mapulofesa, patchuthi amakamba za maulendo, iwe uli chete kuopa kuti ukatsegula pakamwa adziwa kumene wachokera. Mumtima mumabwera kamawu kakuti mwina anasankha molakwitsa, tsiku lina adzazindikira. Ukapita kwanu nakonso ena amayamba kukuona ngati mlendo, akuti wasintha. Umakhala pakati, uku ayi uku ayi. Amene apita kunja amaonjezerapo kuzizira, chilankhulo, nthawi zina tsankho lenileni.

Chachiwiri ndi katundu wa kuthokoza. Kuthokoza nkwabwino ndipo ine ndimathokoza mpaka lero, koma pali mabungwe ena amene amafuna wophunzira azibwereza nkhani ya umphawi wake pamaso pa alendo, kumujambula, kuika nkhope yake paliponse osamufunsa bwinobwino. Mwana amavomera chifukwa akuopa kuti akakana amulanda. Zimenezo si bwino. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti nkhani iyi ndi yanga sindikufuna ituluke, ndipo bungwe labwino limamva.

Chachitatu, ndalama zimachedwa. Chaka changa chachitatu alawansi inachedwa miyezi iwiri chifukwa cha pepala limene linasowa mu ofesi ina, ndipo tinkaopa kudandaula poganiza kuti tioneka osayamika. Mnzathu mmodzi analimba mtima nkulemba kalata yaulemu mmalo mwa tonse, ndipo zinapezeka kuti opereka ndalamawo sankadziwa nkomwe, anakonza sabata yomweyo. Safunsa anadya phula.

Chimene chimachiritsa zambiri mwa izi ndi anzako a pa sikolashipu yomweyo. Afunefuneni. Anthu amene ndinkakhala nawo pa mzere wosainira alawansi ndi amene anandiuza za ntchito yanga yoyamba, ndi amene ndimawaimbira mpaka pano zinthu zikathina.

Ndikaphunzira kunja ndikakamizidwa kubwerera kwathu?

Zambiri za maboma inde. Chevening imafuna mubwerere kwanu kwa zaka 2, Australia Awards chimodzimodzi ndipo mukaphwanya amatha kukuuzani mubweze ndalama zonse, a Fulbright nawo visa yawo ili ndi lamulo la zaka 2 kwanu. Zina za anthu wamba sizikakamiza.

Anthu amakangana pa nkhaniyi, ena amati masikolashipu amangokokolola anzeru a maiko osauka kupita nawo kolemera. Mbali ina ndi zoona, alipo amene sabwerera, ndipo sindingaweruze munthu amene waphunzira za labu yoti kwawo kulibe. Koma si lamulo. Atafufuza omwe anaphunzira ndi thandizo la Ford Foundation lija anapeza kuti ambiri ndithu akukhala ndi kugwira ntchito mmaiko awo, ndipo ine ndimaona kuti chifukwa chake ndi masankhidwe, anasankha anthu amene mizu yawo inali kale pakati pa anthu awo. Komanso masiku ano mapulogalamu ambiri akulipirira ana mmayunivesite a mmaiko awo omwe kapena oyandikana nawo, ndalama ya mmodzi wopita kutali imaphunzitsa angapo. Langizo langa ndi lakuti ngati munasaina kuti mubwerera, bwererani. Mukathawa simupweteka bungwe lokha, mumatsekera chitseko amene akubwera pambuyo panu.

Nanga ngati ndalamazo zinachokera kwa munthu wa mbiri yoipa?

Funso ili ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Chuma cha Cecil Rhodes chinachokera ku migodi ya diamondi ndi golide kummwera kwa Africa, pa thukuta ndi malo a anthu akuda amene iye sankawawerengera. Mu 2015 ophunzira a ku yunivesite ya Cape Town anachita zionetsero mpaka chiboliboli chake chinachotsedwa. Komanso Nelson Mandela yemwe anavomera kuti dzina lake likhale pamodzi ndi la Rhodes mu Mandela Rhodes Foundation, kuti gawo la chuma chija libwerere kukaphunzitsa ana a mu Africa. Ena amakana ndalama zotere ndipo ndimawalemekeza. Ena amalandira nkumati izi zinali zathu kale, nawonso ndimawamvetsa. Chimene ine ndimakana ndi choti kulandira sikolashipu kukutsekeni pakamwa. Anakulipirirani sukulu, sanagule chikumbumtima chanu.

Thandizo lingathe kuima ndili pakati pa sukulu?

Lingathe, ndipo tinaziona mu 2025. Mu January boma la America linaimitsa thandizo la kunja ndipo pakati pa chaka USAID, nthambi yawo imene inkapereka thandizolo, inatsekedwa. Ku Egypt kokha ophunzira oposa 1,000 anadzuka mmawa nkumva kuti sikolashipu yawo yaima, mpaka boma lawo ndi mayunivesite anachita kulowererapo. Nde ndi bwino kudziwa kumene ndalama zanu zikuchokera. Zina zimadalira bajeti ya chaka ndi chaka, ndale zikasintha nazo zimagwedezeka. Zina zili pa thumba lokhazikika, ndiye kuti wopereka anaika ndalama zambiri kamodzi, yunivesite imaziika pa bizinesi nkumagwiritsa ntchito phindu lokha, kawirikawiri 4 kapena 5 peresenti pachaka, thumba lenilenilo osalikhudza. Ndi chifukwa chake za Rhodes zikuyendabe patatha zaka zoposa 120. Funsani musanasaine, kodi ndalama za zaka zanga zonse zilipo kale? Si mwano, ndi moyo wanu. Ndipo kwa opereka, mukamutenga mwana mutengeni mpaka amalize, kumusiya chaka chachitatu kumapweteka kuposa kusamuyamba, amatsala ndi ngongole, alibe pepala, ndipo mtima wasweka.

Andiuza kuti ndawina sikolashipu koma ndilipire kaye ndalama ya fomu

Akuba amenewo. Simungawine chinthu choti simunalembere, ndipo Chevening, Fulbright, Mastercard Foundation, DAAD samagulitsa malo kudzera pa WhatsApp kapena Facebook. Pitani pa webusaiti yeniyeni ya bungwelo kapena funsani ku ofesi ya yunivesite. Musatumize ndalama, musatumizenso chithunzi cha pasipoti.

Ine si wolemera, ndingathandize bwanji?

Timamva za a Robert F. Smith, biliyoneya wa ku America, amene mu 2019 anaima pa mwambo wa omaliza maphunziro pa Morehouse College ku Atlanta nkulengeza kuti alipira ngongole za kalasi yonse, anyamata pafupifupi 400, madola 34 miliyoni, nde timaganiza kuti nkhani iyi ndi ya mabiliyoneya okha. Ayi ndithu. Pulogalamu ya WUSC ija ndalama zake zambiri zimachokera kwa ophunzira anzawo a mmayunivesite a ku Canada, amene anavota kuti aliyense aziwonjezera madola ochepa pa fizi yake, ndipo tindalama timeneto tabweretsa othawa kwawo oposa 2,000 kudzaphunzira.

Ife amene tinali pa sikolashipu imodzi tilipo 8 amene timasonkha mwezi ndi mwezi, aliyense mmene angathere, ndipo sitilipira fizi chifukwa sitingakwanitse. Timatseka timabowo timene masikolashipu a fizi yokha amasiya, lendi ya miyezi iwiri, magalasi a maso, thiransipoti yopita ku intenishipu, ndalama yolembetsera mayeso a Chingerezi. Ndalamazo timapereka kudzera ku ofesi yoona za ophunzira kuti mwana asamve ngati ali ndi ngongole kwa munthu. Ngati ndalama mulibiretu, muli ndi maso, muwerengereni mwana fomu yake, muyeseni mafunso a intaviyu, muuzeni kuti dedilaini ya chakuti yayandikira. Chaka chatha tinagulira laputopu yogwiritsidwa kale ntchito mnyamata wina wa chaka chomaliza amene pulojekiti yake yonse ankailemba pa foni yosweka sikirini, masamba 60 ndi zala ziwiri. Analemba mayeso ake omaliza, ndipo mwezi wathawu watumiza uthenga ku ofesi ija kufunsa kuti kodi gulu losonkha lija munthu amalowa bwanji.